Wogogoda pa Chipata Chapansi

Constantine, 9 Januwale 1994

Achimwene Azzedine,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Muli bwanji ku Grenoble kwanuko? Kuno tilipo, ngati kumeneku n'kukhala. Ababa akupereka moni, ndipo akufunsa ngati mankhwala a m'maso aja munagula, kapena ndalama zinathera pa jekete lina. Tumizani chonde. M'sitolo za mankhwala kuno mwangotsala mashelefu ndi fumbi.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pomwe makina anga ndi anu amalankhulana tsiku ndi tsiku. Za pamakina zimadutsa m'maso mwa mabwana, ndipo zomwe ndikufuna kunena si za mabwana.

Poyamba ndikuseketseni. Lachisanu Ababa anapeza kapepala pa tebulo, ndinalembapo keyala ya kompyuta yathu ya makalata, yomwe ija munaiika pa mndandanda wanu chaka chatha:

"MHS"/"CIRTA"/"7"/X121+60301400217

Anakatembenuza uku ndi uku, amvekere, "Iwe Ghania, wayamba zithumwa?" Ndinati, "Ayi Ababa, imeneyo ndi nyumba ya zipata zinayi. Nambala yaitali ili kumapetoyo ndi ya nthambo yathu, ndicho chipata chapansi. Mlendo akaloledwa pamenepo amakwera pachipata chachiwiri, kenako chachitatu, mpaka pamwamba pomwe amatchula dzina lake n'kutula makalata. Mlonda aliyense amangodziwa za pachipata chake. Wapansi amaona nambala basi, dzina salimva. Ndipo amene amalemba mndandanda wa alendo ololedwa ku Grenoble, pamanja, ndi Azzedine wanu yemweyo." Iwo, mukuwadziwa anthu a njanji, anangoti, "Ndiye kuti mlonda wapansiyo ndi chitsiru." Ndinaseka mpaka misozi. Mwezi uno sindinasekenso kwina.

Tsopano nkhani yeniyeni. Lolemba ndinapeza phukusi pa tebulo langa ku ntchito. Dzina langa analilemba bwinobwino, la Ababa lomwe. M'kati munali sopo mmodzi ndi nsalu yoyera ya sanda, yokulungira maliro. Tanthauzo lake sindichita kukuuzani. Mphunzitsi wa masamu uja wa ku Bab El Kantara analandira lotere mu Novembala, ndipo mu Disembala tinakamuika. Mlandu wanga akuti ngwolankhula ndi Afalansa pa nthambo, mutu wopanda mpango. Ndikuopa, achimwene.

Ababa sindinawauze, ndipo inunso musawauze, mtima wawo uja sungapirire. Ndangowanamiza kuti ntchito yachuluka. Tsopano ndimayenda pa galimoto ya a Mebarek, bambo wachikulire amene timagwira naye ntchito, amanditenga pakhomo n'kudzanditula pakhomo. Kumsika ndi ku positi amapita ndi Ababa. Za kalatayi musade nkhawa, iwo kalata ya munthu satsegula.

Malo a maphunziro aja munkanena, a miyezi isanu ndi umodzi, alipobe? Tafunsani abwana anu. Koma mumtima sindinatsimikize. Nkhalamba ya maso akuchita khungu ndiisiyira ndani? Mukaona ndakhala chete mudziwe kuti ndalephera kuwasiya, ndipo musandivutitse ndi mafunso anu a kukhoti aja.

Ndine mlongo wanu,
Ghania

Grenoble, 1 Febuluwale 1994

Ghania mlongo wanga,

Moni, ndi kwa Ababa moni. Kalata yako yayenda milungu itatu. Ndaiwerenga chiimirire pa masitepe. Iwe, mpaka sopo? Bwanji sunanene tsiku lomwelo?

Usaganize kawiri. Ndalankhula ndi abwana ndipo malo alipo, maphunziro ayamba pa 7 Malichi. Mapepala a ulendo ayendetsa okha, poti pali pangano pakati pa malo athu ndi anu. Akufuna zinthu ziwiri zokha pofika pa 21 Febuluwale: mawu ako akuti inde, ndi nambala ya pasipoti yako. Tsikulo likadutsa apatsa wina, ndipo pali mnyamata wa ku Rabat amene akununkhiza kale pakhomo. Zomwezi ndakutumizira lero pa makina, mwachidule, osatchula za phukusi lija. Uyankhe pa makina pomwepo. Positi usaidalire, waona wekha m'mene yayendera kalata yako.

Za Ababa, azakhali a ku El Khroub angathe kubwera kudzakhala nawo. Adzakangana za mchere m'ndiwo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma palibe amene anafa nazo zimenezo. Miyezi isanu ndi umodzi si zaka. Ukafika kuno tidzaona za kutsogolo.

Chipinda changa n'chaching'ono, ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri, koma ine ndidzagona pansi. Ubwere ndi majuzi, kuno kuzizira sikuchita masewera.

Ntchito yandichuluka. Mndandanda wonse wa makeyala andisiyira ndekha, malo makumi asanu ndi awiri. Mwezi watha anthu ena analowa mwakuba pa makina athu, choncho abwana alamula kuti nambala iliyonse yosalembedwa izibwezedwa pachipata chapansi, isakwere n'komwe. Ndimazichita mosayang'ana nkhope. Ukudziwa, Mfalansa kuti akupatse makiyi iwe Mluya, uyenera kukhwimitsa zinthu kuposa mwini wakeyo. Uwauze Ababa kuti chitsiru chawo chija chikulandira malipiro abwino.

Mankhwala ndapatsira a Bensalem, mnzanga wakwathu komweko, akwera ndege Loweruka. Jekete sindinagule, mwano wakowo.

Yankha msanga.
Azzedine

Constantine, 10 Febuluwale 1994

M'dzina la Mulungu, Wachifundo chambiri.

Azzedine,

Ndine bambo ako Belkacem. Moni. Mankhwala afika, zikomo, ngakhale botolo limodzi lafika losweka. Zilembo zikuluzikuluzi n'chifukwa cha maso, koma ukali uliponso.

Ghania wandiuza kuti wamupezera malo ku France. Ine unandifunsa? Kapena ndinamwalira osadziwa? Iwe unachoka pano ukuti zaka ziwiri, chino n'chaka chachisanu ndi chiwiri. Mayi ako anatsikira kuli chete maso ali kukhomo. Lero ukufuna unditengerenso wotsalayu. Mwana wamkazi wosakwatiwa, m'dziko la eni, akukatani? Akuti maphunziro. Sanaphunzire mokwanira? Mabuku ake adzaza kabati mpaka mabulangete tikuika pampando. Nanga anzanga ku mzikiti akandifunsa ndiziti chiyani?

Zoti kuno kwaipa ndikudziwa kuposa iwe amene ukuzionera pa kanema. Nkhondo yoyamba ija, yomenyera ufulu, ndinaiona ndi maso angawa, sitima ndinkayendetsa m'njanji zotchera mabomba, sindinathawe. Ife tilibe mlandu ndi munthu. Amene sanalakwire munthu aopa chiyani?

Yankho ndi ili: sapita. Ndamuuza ndipo wamva. Usamusokonezenso mutu.

Ramadhani ikuyamba mawa kapena mkuja, tikudikira mwezi. Ngati umasalabe uko, utikumbukire.

Bambo ako

Grenoble, 23 Febuluwale 1994

Ghania,

Moni, ngati moni wanga ukumufunabe.

Kalata ya Ababa inandipeza pa 19. Ndinadikirabe mpaka Lolemba, pa 21, maso ali pa makina tsiku lonse. Dzulo malo aja apatsa wa ku Rabat. Abwana anandifunsa ngati adikireko sabata ina, ndinati ayi, banja lakana. Ndikanati chiyani? Ndinachita kuwagwadira anthu amenewa, iwe.

Unanena wekha kuti ukakhala chete ndisakuvutitse. Chabwino, sindikuvutitsa. Koma ngakhale liwu limodzi, Ghania? Kuyambira pa 4 makina athu akuimba nambala yanu tsiku ndi tsiku, kuli zii. Foni ya ku ofesi kwanu nayonso zii. Nthambo zakwathu zimafa, ndikudziwa, koma iwe sunalolepo kuti zigone masiku oposa awiri, unkawatukwana a matelefoni mpaka abwere. Ndiye ndaona kuti ukuchita dala, wazilekerera kuti usandiyankhe. Ndakwiya, ndisakubisire. Ndiponso ndili ndi mantha. Ukukhala m'nyumba imodzi ndi sopo uja, ndipo wasankha kumvera nkhalamba imene sidziwa n'komwe kuti sopoyo alipo.

Ngati zimenezi sizikukwana, pali wina akundisautsa kuno. Nambala yachilendo yakhala ikugogoda pa makina athu theka la ola lililonse kuyambira pa 8. Manambala ake oyambirira ndi akwathu komweko. Ayenera kuti ndi ana a sukulu a ku Algiers ofuna kulowa mwaulere. Manyazi anandigwira. Ndinaitsekera pansi penipeni abwana asanaone, kuti isamaonekenso n'komwe m'buku la tsiku. Anthu akwathu, kulikonse kutichititsa manyazi!

Uzivala mpango, chonde, ngakhale mumsewu mokha. Usati wagonja, nsalu ndi nsalu basi. Ndipo usamatuluke nthawi imodzimodzi tsiku lililonse.

Ukafuna kulemba, keyala yanga ndi yomwe ija.

Azzedine

Constantine, 22 Malichi 1994

Ndife a Mulungu, ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Azzedine mwana wanga,

A Bensalem anati akuimbira foni kuchokera ku Annaba, choncho mwina wamva kale. Koma uyenera kumva kwa bambo ako. Ghania watisiya.

Linali Loweruka pa 19, m'mawa. A Mebarek anachedwa, tayala linawaphwera panjira. Iye anayang'ana pawindo kawiri, kenako anati, "Ababa, ndikawadikire pakhomo, ndachedwa." Ine ndinali ndi khofi m'manja. Ndinati, "Tenga buledi, sunadye." Anati akadya ku ntchito. Sipanapite nthawi ndinamva mfuti kulira kawiri. Oona akuti anali anyamata awiri ovala bwino, wina atanyamula mabuku. Masitepe aja ndinatsika bwanji sindikudziwa. Ndinapeza wophika buledi wa pansipa atamufunditsa kale thumba la ufa.

Tinamuika tsiku lomwelo itatha swala, pemphero la masana, pambali pa mayi ake. Anthu anabwera ochepa, akuopa. A ku ntchito kwake anabwera a Mebarek okha, ndipo analira ngati mwana mpaka ine ndi amene ndinawatonthoza.

Azakhali ako posonkhanitsa zovala zake apeza phukusi pansi pa kabati. Sopo ndi sanda. Sindinamvetse. Ndiye dzulo kwafika kalata yako ya pa 23 Febuluwale, mwini wake atapita. Ndatsegula, koyamba m'moyo wanga kutsegula kalata ya munthu. Ndiye kuti iwe unkadziwa. Nonse awiri munandibisira ngati ndine mwana. Ukanangondilembera mzere umodzi, Azzedine, umodzi wokha.

Usabwere. A msinkhu wako akuwatsitsa m'magalimoto panjira ya ku bwalo la ndege, ndipo sudziwa amene wakuimitsa ndi ndani. Ndaika mmodzi, zakwana.

Bambo ako

Grenoble, 11 Epulo 1994

Ababa,

Mtendere ukhale nanu. Sindifunsa kuti muli bwanji. Ndalemba kanayi n'kung'amba, ino ndituma m'mene ilili, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musananditemberere.

Lachisanu ndinalandira kalata ya chipepeso yochokera kwa a Mebarek. Kumapeto kwake anaonjezera za ntchito, poti ntchito siidikira maliro. Akuti pa 3 Febuluwale zigawenga zinatentha nyumba ya matelefoni ya dera la ku ntchito kwawo, nthambo zonse zinapsa, mafoni omwe. Ghania ndi iwowo ananyamula makina n'kuwasamutsira ku nyumba ina kutsidya kwa mlatho, kumene kunali nthambo yamoyo. Nthambo yatsopano, nambala yatsopano. Mayina a zipata zitatu zapamwamba sanasinthe, inasintha ndi nambala yapansi yokha. A Mebarek akudandaula kuti miyezi iwiri tsopano makina athu akuwakana, ndipo andilembera keyala yatsopanoyo kuti ndiiike pa mndandanda.

Nambalayo sindinachite kuiwerenga kawiri. Ndimaidziwa pamtima. Ndi yomwe ija ndinaitsekera kunja ndi manja angawa.

Ndinatsegula. Sipanathe theka la ola, inagogoda. Inadutsa chipata chapansi, chachiwiri, chachitatu, n'kutchula dzina lake, CIRTA, ndipo inatula mauthenga onse amene anaunjikana. Makina otere amataya uthenga ukakhala masiku atatu osapita, koma Ghania anasintha akewo kuti asataye kanthu. Ake analipo khumi ndi umodzi. Ndikukulemberani anayi, enawo sindingathe.

Wa pa 3 Febuluwale, m'mawa moto usanabuke: "Inde. Ndikubwera. Nambala ya pasipoti nayi. Ababa ndiwauza ndekha, inu musalowererepo, mumawayankhula ngati mukuwerenga lamulo."

Wa pa 9: "Achimwene, ndikudziwa kuti izi simuziona mpaka mutatsegula, koma nanga ndilankhule ndi ndani? Mlonda wanu akundibweza pansi chifukwa nambala yasintha. Mafoni a kuno satuluka kunja kwa dziko. Keyala yatsopano ndituma mawa pa positi, ikupezani nthawi isanathe. Pakadali pano makina ndawaika kuti azigogoda theka la ola lililonse. Mukaona nambala yakwathu ikukakamira chonchi mudziwa kuti ndine, wamakani wina wotere mumudziwa ndani?"

Wa pa 21: "Lero ndi tsiku lija. Tsegulani, inu. Tsegulani."

Wa pa 16 Malichi: "Ndasiya kukwiya, kumatopetsa. Pa Eid ndinaphika makroud, timakeke tija, anapserera pansi, Ababa anadya osadandaula. Ndawaphunzitsa kudzidonthezera okha mankhwala m'maso, akutha ndithu. Mwina mu Seputembala kudzapezeka malo ena. Mundifunsireko."

Ababa, ndinaona kuti nambalayo ndi yakwathu. Ndikanailola kukwera kamodzi kokha, mphindi imodzi, ikanatchula dzina. Lamulo silinkandiletsa kuyang'ana, amene anandiletsa ndi manyazi. Ndinaopa kuti Afalansa anena kuti abale ake a Azzedine ndi akuba. Mlongo wanga anagogoda masiku makumi anayi ali moyo, ine ndili mkati ndi makiyi, ndikumulembera kalata yomudzudzula kuti wakhala chete. Pa 7 Malichi akanakhala ali kuno.

Kalata ya pa positi imene akunenayo sinandipeze. Positi yakwathu imameza makalata, koma sindiikankhira mlandu. Wopha Ghania ndi anyamata awiri aja, koma womutsekera khomo ndine. Za sopo ndinakubisirani chifukwa iye anandipempha, pamenepanso ndinalakwa. Ngati mungathe, ndikhululukireni. Ngati simungathe, ndimva.

Mwana wanu,
Azzedine

Constantine, 29 Epulo 1994

Azzedine,

Arubaini, mapemphero a tsiku la makumi anayi, tinachita dzulo. Kalata yako azakhali ako anandiwerengera, maso anakana. Ino ndikulemba ndekha, iwo apita kumsika, ndipo sindifuna aione.

Positi usainamizire. Sinameze kanthu. Kalata ya mlongo wako ndi imene waipeza m'envelopu muno, sitampa ili pomwepo.

Anandipatsa Lachinayi pa 10 Febuluwale, m'mawa. Anati, "Ababa, iyi ndi yofulumira, ulendo wanga uli m'menemu." Ndi m'mene ndinamvera koyamba za ulendowo. Ndinakalipa. Ndinati supita, ine ndili moyo. Iye sanandiyankhe mwano, anangondipsompsona pamutu n'kunena kuti, "Kaponyeni kalatayo Ababa, zinazo tikamba madzulo." Atatuluka ndinakhala pansi n'kulemba yanga ija.

Ku positi ndinapita ndi makalata awiri. Ndinaima pamzere ola lathunthu. Ndinagula masitampa awiri, ndinamata onse. Pa bokosi ndinaponya imodzi, inayo ndinabweza m'thumba la jekete. Ndinati ndiigoneke sabata imodzi, mtima wake utsike, aiwale. Madzulo anandifunsa ndipo ndinati ndaponya. Anafunsanso kawiri m'kati mwa Ramadhani, kachiwiriko akulira, ndipo ine, ndili pa swaumu, ndikusala kudya, ndinalumbira kuti ndinaponya.

Ndinkayesa muli mawu ambiri, ondidandaula ine, okupempha kuti umuchotse m'manja mwa nkhalamba. Ndatsegula dzulo alendo atabalalika. Muli mzere umodzi wa manambala ndi timizere take tija, nambala ya pasipoti, ndi mawu akuti, "Inde. Lembani iyi pa mndandanda." Basi.

Za sopo sindinkadziwa. Ndimadziuza zimenezi m'mawa uliwonse ndipo sizindithandiza. Chikhululuko usapemphe kwa ine, mwana wanga, ndilibe pakamwa pokuweruzira.

Unalemba kuti kalata yanga inakupeza pa 19, kutatsala masiku awiri. Zinali m'thumba limodzi, Azzedine. Yakenso ikanakupeza tsiku lomwelo.

Bambo ako,
Belkacem